Thirakitala Yakale Imayamba Kudzuka ndi Mawaya

 Lero tikambirana za chitsulo chimene ambiri a ife timachidutsa osachicheukira. Ndikunena thirakitala yakale ija yagona pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa shedi ya fodya, matayala ataphwa, udzu utamera mpaka kufika pa chiwongolero, nkhuku zitasandutsa kunsi kwake poikira mazira. Mukayenda m'maesiteti a ku Kasungu ndi ku Mchinji, m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ngakhalenso pa mamishoni akale, simulephera kuipeza. Kawirikawiri imakhala yofiira mofwifwa, dzina la Massey Ferguson likuoneka patalipatali m'mbali mwake. Mukafunsa eni ake, amayankha kuti inafa kalekale. Tsiku lina ogula zitsulo zakutha amafika ndi sikelo yawo, ndipo thirakitala yonse imagulitsidwa pa makilogalamu.

Ine mawu akuti inafa ndimawakana. Zilipo zina zimene zinafadi, zimene injini yake inang'ambika kapena giyabokosi inasweka. Koma zambiri zinaima chifukwa cha zinthu zazing'ono zimene zinaunjikana. Batire linasiya kudzaza, sitata inayamba kungoti kwe osazungulira, waya wina anapsa, dalaivala anayamba kuimika thirakitala pamtsetse kuti m'mawa ailize moikankha. Tsiku lina anaiimika poti see, anyamata oikankha sanapezeke, ndipo kuyambira pamenepo sinasunthenso. Injini ili bwinobwino m'katimo, koma palibe choidzutsa. N'chifukwa chake ndikuti amene akufuna kuukitsa thirakitala yakale ayambe ndi mawaya, ndipo penti abwere pamapeto penipeni.

Tiyeni tidziwe kaye chimene tikuchigwirachi. Kumpoto kwa chilumba cha Ireland kunali mwana wa mlimi dzina lake Harry Ferguson, amene anabadwa m'chaka cha 1884. Mathirakitala a masiku amenewo ankakoka pulawo ndi tcheni kapena chitsulo chimodzi. Pulawo ikakodwa pa chitsa kapena pa mwala, kutsogolo kwa thirakitala kunkanyamuka, n'kugadabukira kumbuyo, dalaivala n'kuphwanyidwa. Ferguson anapeza njira yomangira pulawo ku thirakitala ndi mikono itatu, iwiri kunsi ndi umodzi pamwamba, yonyamulidwa ndi mphamvu ya oyilo. Ndi njira imeneyi, kulemera kwa dothi limene pulawo ikutembenuza kumakanikiza matayala akumbuyo kuti agwire pansi, pamene mkono wapamwamba umakankhira kutsogolo kuti kusanyamuke. Choncho thirakitala yaying'ono inayamba kugwira ntchito ya yaikulu. Mikono itatu imeneyi mudzaipeza kumbuyo kwa pafupifupi thirakitala iliyonse lero, ya mtundu uliwonse.

Mu 1938 Ferguson anagwirana chanza ndi Henry Ford ku America, popanda pepala lililonse losainirana, ndipo chaka chotsatira kunatuluka thirakitala ya Ford 9N yokhala ndi mikono ya Ferguson. Mgwirizanowo unadzatha moipa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, nkhani n'kukafika kukhoti, ndipo mu 1952 kampani ya Ford inalipira madola oposa 9 miliyoni. Koma pofika nthawi imeneyo Ferguson anali atayamba kale zake ku England. Kuyambira 1946 mpaka 1956, fakitale ya Banner Lane mu mzinda wa Coventry inatulutsa mathirakitala aang'ono otuwa otchedwa TE20 oposa 500,000. Anafalikira dziko lonse. Pa 4 January 1958, Edmund Hillary wa ku New Zealand anafika ku South Pole, pakati penipeni pa chipale cha ku Antarctica, ndi atatu mwa mathirakitala amenewa. Kampani ya Ferguson inaphatikizana ndi Massey-Harris ya ku Canada mu 1953, ndipo m'banja limenelo munabadwa Massey Ferguson 35, kenako 135 imene inatuluka mu 1964. Ziwiri zimenezi, makamaka zokhala ndi injini ya dizilo ya Perkins ya masilinda atatu, ndi zimene zinalima minda yambiri ya kuno kwathu ndi ku Zambia.

Ku Britain anthu amazikonza kuti akazionetse ku zionetsero, atazipukuta mpaka kuwala. Sindikuwanyoza, chifukwa chidwi chawocho n'chimene chachititsa kuti zipangizo zake zizipangidwabe. Kuonjezera apo, kampani ya TAFE ku India ndi ya Millat ku Pakistan zakhala zikupanga mathirakitala a banja lomweli kwa zaka zambiri, kotero zipangizo zambiri sizisowa. Koma ife chifukwa chathu n'china. Thirakitala yatsopano imafuna ndalama zakunja, ndipo tonse tikudziwa mmene ndalama zimenezo zimavutira. Yakaleyi ilibe kompyuta. Mmisiri wa ku Ndirande kapena wa ku Biwi amene ali ndi masipanala, mita yoyezera magetsi ndi mutu wodekha angathe kuimvetsa yonse, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

Tsopano tilowe m'mawaya. Choyamba, musadule kanthu. Anthu ambiri akaona mawaya ouma, osweka, olumikizidwa ndi zidutswa za jumbo ndi mphira, amapsa mtima n'kuzula onse tsiku limodzi. Pambuyo pake amakhala pansi atagwira kumutu, osadziwa kuti uyu ankapita kuti. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tengani foni mujambule paliponse pamene waya walowa kapena watuluka. Tengani kope ndi pensulo mulondole waya mmodzimmodzi, kuchokera pamene wayambira mpaka pamene wathera, ndipo mumangirire kapepala kolembedwa mbali zonse ziwiri. Koma musakhulupirire zonse zimene mwapezazo. Thirakitala ya zaka makumi asanu yadutsa m'manja mwa anthu ambiri, ndipo aliyense anasiyapo nzeru zake, zina zabwino, zina zoopsa. Funani nambala ya thirakitalayo pa kachitsulo kamene kamakhala pafupi ndi chiwongolero, ndipo ndi nambala imeneyo mupeze chithunzi cha mawaya cha m'buku la kampani. Masiku ano zithunzi zimenezi zimapezeka pa intaneti. Mukayerekeza chithunzicho ndi zimene mwalemba m'kope lanu, mudzaona pamene anthu anapotoza.

Musanagwire sipanala pa waya aliyense, chotsani batire. Yambani ndi chingwe chimene chamangidwa ku thupi la thirakitala, chimene amisiri amachitcha earth. Chifukwa chake n'chakuti mukayamba ndi chinacho, sipanala ikangokhudza chitsulo chilichonse cha thirakitala, moto umathetheka, sipanala imatentha mpaka kufiira, ndipo batire lingathe kuphulika chifukwa limatulutsa mpweya woyaka. Asidi wa m'batire akalowa m'maso, munthu amakhala wakhungu. Pobwezera, chingwe cha earth chikhale chomalizira. Mphete ndi wotchi yachitsulo muvule.

Pamenepa pali msampha umene wawononga zipangizo zambiri. Galimoto zonse zimene tikuyendera lero zimamanga mbali ya negative ya batire ku thupi la galimoto. Mathirakitala akale a ku Britain, monga TE20 ndi ma 35 ambiri, anatuluka ku fakitale atamangidwa mosiyana: mbali ya positive ndi imene inkapita ku thupi. Kuonjezera apo, ma TE20 oyambirira anali a ma volt 6, osati 12. Mnyamata wozolowera minibasi akafika pa thirakitala yotere, amamanga batire mmene anazolowerera, ndipo zinthu zimayamba kusokonekera. Choncho dziwani kaye kuti yanuyo ili mbali iti, ndipo mugamule kuti mukufuna ikhale mbali iti mukamaliza.

Chigamulo chimenechi chimayendera limodzi ndi funso la chodzazira batire. Zakalezi zinali ndi dayinamo, zambiri za kampani ya Lucas, pamodzi ndi kabokosi kotchedwa control box. Kabokosi kameneka kali ndi ntchito ziwiri. Kamaletsa dayinamo kudzaza batire mopitirira muyezo, ndiponso kamadula njira injini ikazima kuti magetsi a m'batire asabwerere ku dayinamo. Mukakatembenuza mudzaona zilembo pa malo omangirapo mawaya. D amalandira waya wamkulu wochokera ku dayinamo, F amapita ku malo aang'ono a dayinamo, A amapita ku batire kudzera ku kageji koonetsa kudzaza, ndipo E amapita ku thupi la thirakitala. Waya wa E ameneyu ndi amene anthu amamupeputsa. Akachita dzimbiri, kabokosi kamasokonezeka, dayinamo imapsa, ndipo mwini wake amagula dayinamo ina imene imadzapsanso chimodzimodzi.

Dayinamo ikhoza kugwira ntchito mbali iliyonse imene batire lamangidwa, bola muiuze. Mukaika yatsopano kapena mukatembenuza batire, chotsani waya wa F, mutenge waya wochokera ku mbali ya batire imene sinamangidwe ku thupi, mukhudzitse pa malo a F a dayinamoyo kamphindi kochepa, kawiri kapena katatu. Kamoto kakang'ono kamathetheka, ndipo basi, dayinamo yadziwa mbali yake. Ntchito ya masekondi ochepa imeneyi ikaiwalika, control box imapsa.

Kodi musunge dayinamo kapena muike alternator? Okonzera zionetsero amasunga dayinamo kuti thirakitala ioneke mmene inatulukira ku Coventry. Ine maganizo anga ndi akuti thirakitala yogwira ntchito kuno iikidwe alternator. Dayinamo imapereka magetsi ochepa, ndipo injini ikamangolira pang'onopang'ono sidzaza n'komwe. Thirakitala imene imalizidwa ndi kuzimitsidwa kambirimbiri pa tsiku, ikututa chimanga kapena nkhuni, imamaliza batire msanga. Alternator imadzaza ngakhale injini ikulira pang'ono, ndipo ya galimoto yaing'ono imapezeka mosavuta. Koma ikabwera, imabwera ndi malamulo ake. Batire liyenera kumangidwa negative ku thupi, apo ayi alternator imapsa nthawi yomweyo. Control box imachoka. Mawaya a kageji koonetsa kudzaza amasinthanitsidwa, apo ayi kaziloza kobwerera, ndipo muonetsetse kuti kagejiko kangathe kupirira magetsi ochuluka a alternator. Ngati injini ndi ya petulo kapena ya palafini, mawaya aang'ono awiri a pa koyilo amasinthanitsidwanso. Ndiye pali kababu kofiira ka pa dashibodi. Ambiri amakaona ngati kokongoletsa, koma pa ma alternator ambiri magetsi ochepa amene amadutsa m'kababu kameneka ndi amene amayambitsa kudzaza. Kababu kakapsa kapena kakasiyidwa, alternator yabwinobwino imangozungulira osapereka kanthu. Komanso musamachotse chingwe cha batire injini ikulira pofuna kuona ngati ikudzaza, ndipo mukafuna kuwotcherera chitsulo pa thirakitala, masulani kaye batire ndi alternator.

Tifike pa kugula waya, pamene ndikufuna mumve bwino chifukwa apa m'pamene ndalama zimatayikira. Magetsi ali ngati madzi a m'ngalande ya mthirira: ngalande ikachepa kapena ikadzaza zinyalala, madzi ofika kumunda amachepa ngakhale mtsinje uli wodzaza. Waya wochepa thupi ndi malo olumikizira a dzimbiri amachita zomwezo, koma kuonjezera apo amatentha. Musagwiritse ntchito waya wa m'nyumba, uja wa chingwe chimodzi cholimba. Thirakitala imanjenjemera tsiku lonse, ndipo waya wotere amathyokera m'kati mwa chikopa chake, pamene maso sangaone. Gulani waya wa galimoto, wa timawaya tambirimbiri tofewa. Mukafika m'sitolo, musachite manyazi kupala kamodzi ndi mpeni. Pamsika pali waya wooneka ngati kopa pamwamba koma m'kati ndi aluminiyamu. Mukapala n'kuona zoyera, musiyeni. Zingwe za batire ndi za sitata zikhale zonenepa ndi zazifupi mmene zingathekere, ndipo ngati thirakitala yanu idakali ya ma volt 6, zikhale zonenepa koposa, chifukwa pa ma volt ochepa sitata imakoka magetsi ochuluka kuti igwire ntchito yomweyo.

Musagule mpukutu umodzi wofiira n'kumangira thirakitala yonse. Mmisiri amene adzabwere pambuyo panu adzavutika, ndipo inu nomwe pakapita chaka mudzaiwala. Amisiri a galimoto za ku Britain anali ndi dongosolo la mitundu limene mungabwereke. Waya wa bulauni amanyamula magetsi ochokera ku batire nthawi zonse, woyera amakhala ndi magetsi kiyi akatsegulidwa, wakuda ndi wa earth, wofiira ndi wa nyali za m'mbali ndi zakumbuyo, wa buluu ndi wa nyali zakutsogolo, ndipo woyera wa mzere wofiira amapita ku solenoid ya sitata. Mitundu yonseyi ikapanda kupezeka, sankhani yanu, koma muilembe m'kope.

Polumikiza, chizolowezi chathu chopota mawaya awiri ndi zala n'kukulunga tepi chithe. Tepi amamatuka ndi kutentha ndi dizilo, madzi amalowa, kopa amasanduka wobiriwira. Gulani timitu tomangira kumapeto kwa waya, mutikanikize ndi pulayazi yake yeniyeni, kenako mukoke ndi dzanja kuona ngati tagwira. Phimbani ndi kapaipi kaja kamene kamafinyika kakamva moto. Paliponse pamene waya akudutsa pa bowo la chitsulo, ikani kamphira kuzungulira bowolo, chifukwa m'mphepete mwa chitsulo mumacheka pang'onopang'ono mpaka tsiku limene waya adzakhudze thupi. Mawaya onse ayende pamodzi m'paipi ya pulasitiki, omangidwa bwino, kutali ndi ekizozi, kutali ndi lamba wa fani, ndipo asalendewere kunsi kumene mapesi ndi ziputu zingawakole. Kumbukirani kuti pa mathirakitala amenewa thanki ya mafuta ili pamwamba penipeni pa injini. Waya akachita shoti pamenepo, pamene pali dizilo wodontha, fumbi ndi zinyalala za makoswe, moto wake sumazimitsika ndi nthambi.

N'chifukwa chake ndikuti ikani mafyuzi, ngakhale fakitale sinaike. Zambiri mwa zakalezi zinabwera ndi fyuzi imodzi kapena popanda n'komwe. Kabokosi ka mafyuzi anayi kapena asanu ndi limodzi sikadula, ndipo kaikidwe pafupi ndi pamene magetsi akuchokera, pouma. Nyali zikhale ndi fyuzi yake, hutala yake, soketi ya ngolo yake. Fyuzi ikapsa, ikukuuzani kuti pena pake palakwika. Kuikapo msomali kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu n'kuitseka pakamwa, ndipo chotsatira kupsa chimakhala waya yense.

Kawirikawiri sitata imanamiziridwa. Munthu amapotokola kiyi, amamva kuti kwe, n'kunena kuti sitata yafa. Musanaimasule, yang'anani pamene chingwe cha earth chamangidwa ku thupi. Palani penti ndi dzimbiri mpaka chitsulo chiwale, mumange zolimba, mupake girisi pamwamba. Tsukani mitu ya batire. Nyali iliyonse muipatse waya wake wa earth m'malo modalira mabawuti a dzimbiri a pa madigadi. Mudzadabwa kuona matenda angati amene amatha ndi sandipepa.

Tsopano ndifike pa chinthu chimene chimandipweteka mtima kwambiri pa nkhani yonseyi. Anthu amene anapanga mathirakitala amenewa ankadziwa kuti thirakitala ikalizidwa ili m'giya imapha. Pa TE20 anakonza kuti ndodo ya giya yomweyo ndiyo izilizira sitata, moti sizingatheke kuiliza ili m'giya. Pa 35 ndi 135 anaika kaswichi pa giyabokosi, kamene kamalola magetsi kupita ku sitata pokhapokha ndodo yaing'ono ija, yosankhira liwiro lalikulu kapena laling'ono, ili pakati, pa chilembo cha S. Kaswichi kameneka kakavuta, ambiri amangolumikiza mawaya ake awiri n'kukaiwala. Ena amafika poliza thirakitala ataima pansi, akugunditsa screwdriver pa solenoid. Taganizirani pamene munthu ameneyu waima. Ali pakati pa tayala lakutsogolo ndi tayala lalikulu lakumbuyo. Injini ya Perkins yotentha imalira pa kuzungulira koyamba. Ngati wina anasiya giya italowa, tayala lija limamukwera asanatembenuke n'komwe, ndipo pampando palibe munthu woti aponde kilachi. Amene amafa motere nthawi zambiri si mwini thirakitala. Ndi mnyamata waganyu, kapena wophunzira ntchito, amene anaonera akuluakulu akuchita zomwezo. Inu eni mathirakitala, inu amisiri, ndikukupemphani: pa ntchito yonse yomanga mawaya, kaswichi kameneka kabwerere m'malo mwake ndipo kagwire ntchito. Mmisiri amene wakubwezerani thirakitala yolira ili m'giya sanamalize ntchito, musamulipire zonse.

Palinso kachipangizo kena ka pa injini za Perkins kamene kamasiyidwa kosalumikiza, kotchedwa thermostart. Kamakhala pa paipi yolowetsa mpweya m'injini. Mukapotokolera kiyi ku mbali yotenthetsa kwa masekondi pang'ono, kamafiira, kamadonthetsa dizilo pang'ono n'kumuyatsa, ndipo injini imakoka mpweya wofunda. M'mawa wa mu June ku Dedza kapena ku Mzimba kamathandiza kwambiri. Kakafa, anthu amayatsa chisanza n'kuchiika pakamwa pa paipi, kapena kuthiramo petulo. Zonsezi n'zoopsa, pamene kachipangizoko n'kotsika mtengo ndipo kamangofuna waya mmodzi wonenepa bwino ndi kapaipi ka mafuta. Eni ma 35 oyambirira a injini ya dizilo ya masilinda anayi akudziwa mmene imavutira kulira kukazizira. Kwa iwo batire lamphamvu, zingwe zonenepa ndi chotenthetsera chogwira ntchito si zosankha.

Nyali musaziiwale. Injini ya dizilo yakale ikangolira sifunanso magetsi, ndipo n'chifukwa chake mathirakitala ambiri amayenda zaka popanda nyali ngakhale imodzi. Koma nyengo yokolola amatuluka pa msewu waukulu madzulo, akukoka ngolo yodzaza matumba, akuyenda pang'onopang'ono mumdima. Woyendetsa minibasi amaiona ngoloyo atafika kale. Mukamamanga mawaya, kokerani ena mpaka kumbuyo, muike nyali zofiira, ma indicator ndi soketi yoti ngolo nayo iziyaka.

Mukamaliza zonse, musathamangire kumanga batire. Zimitsani zonse, mumange chingwe chimodzi, ndipo pakati pa mutu wa batire wotsalawo ndi chingwe cha earth muike babu laling'ono. Likayaka, pali pena pamene magetsi akuthawira, ndipo mwapeza vutolo popanda kuotcha kanthu. Likapanda kuyaka, mangani chingwecho. Yezani batire ndi mita: la ma volt 12 lodzaza bwino limaonetsa ma volt 12.6 kapena kuyandikira pamenepo. Injini ikalira, nambala ikwere kufika cha m'ma 14. Ikakhala pomwe inali, sikudzaza. Ikapitirira 15, ikuphika batire.

Koma ndisakunamizeni kuti mawaya okha ndiye zonse. Thirakitala imene yagona zaka siilizidwa tsiku loyamba. Yesani kaye kuzungulitsa injini ndi dzanja. Ngati yagwira, chotsani ma injector, muthire oyilo wosakaniza ndi dizilo m'masilinda, mudikire masiku angapo, muziigwedeza pang'onopang'ono. Kuikoka ndi lole kuti imasuke mokakamiza kumapinda zitsulo za m'kati. Khuthulani thanki, chifukwa pansi pake pamakhala madzi ndi matope, ndipo pampu ya dizilo imadana ndi zonse ziwiri. Sinthani mafyuluta, mutulutse mpweya m'mapaipi a mafuta. Tsukani kabeseni ka oyilo kosefera mpweya, muonenso ngati mavu sanamange m'mapaipi. Oyilo wa m'giyabokosi, amenenso amanyamula mikono yakumbuyo, akaoneka woyera ngati mkaka ndiye kuti mvula inalowa kudzera pa timphira tong'ambika ta pa ndodo za giya. Mumutaye ndi kusintha timphirato. Mabuleki akakhala osagwira, nthawi zambiri ndi oyilo amene wadutsa pa masilu a ekiselo n'kunyowetsa nsapato zake.

Kumbuyo kuli shafiti yoyendetsera zipangizo monga chigayo kapena chopukusira chimanga. Imazungulira ka 540 pa mphindi, kutanthauza kasanu ndi kanayi pa sekondi imodzi. Chitenje kapena mkono wa malaya ukakodwa, palibe nthawi yokuwa. Chivindikiro chake chibwerere. Ndipo pokoka chitsa kapena galimoto yotitimira, mangani tcheni pa chitsulo chokokera cha kunsi, osati pamwamba pa ekiselo kapena pa malo a mkono wapamwamba, chifukwa mukatero mwabweza ngozi yogadabuka ija imene Harry Ferguson anathera zaka akulimbana nayo. Zakalezi zilibe chitsulo choteteza dalaivala ikagubuduka, ndipo ngati mungathe kupeza chopangidwira mtundu umenewo, ikani.

Za penti ndinena mwachidule. Iyendetseni kaye milungu ingapo, ilime, ikoke ngolo, muone pamene ikudontha ndi pamene ikutentha. Mukakonza zimenezo, tsukani, palani dzimbiri, mupake. Popaka, tetezani malo a earth ndi kachitsulo ka nambala kuti penti asafikepo.

Nthawi yabwino ya ntchito yonseyi ndi miyezi ya June, July ndi August, zokolola zitalowa, ndalama za fodya kapena soya zili m'manja, amisiri asanapanikizike. Mukadikira October, aliyense amafuna thirakitala yake tsiku lomwelo, ndipo mawaya amamangidwa mothamanga. Ngati muli ndi mwana kapena mdzukulu amene akuphunzira za magetsi a galimoto ku sukulu ya ntchito zamanja, muitaneni adzagwire nawo, chifukwa pa thirakitala yotere waya aliyense amaoneka kumene akuchokera ndi kumene akupita. Ntchito ikatha, jambulani chithunzi cha mawaya onse mmene mwawamangira, ndi mitundu yake ndi kukula kwa fyuzi iliyonse. Lembaninso ndi zilembo zazikulu pafupi ndi batire mbali imene yamangidwa ku thupi. Pepala limodzi musunge kunyumba, lina mulikulunge m'pulasitiki n'kuliika m'bokosi la masipanala la pa thirakitalapo.